Funsani Mmisiri: Mawotchi a makina akakana kugwirizana

Makalata atatu amene ndasankha mwezi uno onse akudandaula za wotchi. Awiri oyamba akulimbana ndi tizigawo ta sekondi tosaoneka ndi maso, ndipo yachitatu ikulimbana ndi maola athunthu. Ndikuyankha ndili kuno ku Nchalo, komwe ndimagwira ntchito yolumikiza ndi kukonza netiweki m'maofesi a m'chigwa muno.

FUNSO: Bambo mmisiri, ndimayang'anira zamakina pa wailesi ina kuno ku Nsanje. Tinalandira zipangizo za mu studio zimene zimatumizirana mawu kudzera pa netiweki, za AES67. Pali kabokosi ka GPS kopereka nthawi, ndipo kompyuta yoseweretsa nyimbo ndi mapulogalamu ili pa Linux, ikuyendetsa ptp4l ndi phc2sys, mapulogalamu ogwirizanitsa mawotchi. Kangapo pa tsiku mawu amadukaduka tili pa mphepo. Log imalemba kuti "timed out while polling for tx timestamp", kenako mzere wonena kuti ndikweze tx_timestamp_timeout ngakhale mwina vuto ndi la driver, kenako FAULTY. Tsiku lina magetsi atazima, jenereta italira, offset, kusiyana kwa wotchi yathu ndi ya kabokosi, inalumpha kufika cha m'ma 37000000000. Mnzanga wa ku Blantyre akuti ndingoika timeout pa 1000 basi, nkhani yatha. Ndichite zimenezo? (Wa zamakina, Nsanje)

YANKHO: Achimwene, 1000 ameneyo musaike. Tiyeni tione kaye chimene ptp4l ikudikira, chifukwa mukachimvetsa muona nokha kumene mnzanuyo waphonya.

PTP, njira yogwirizanitsira mawotchi pa netiweki imene ptp4l imatsata, imene malamulo ake ali mu IEEE 1588, inatuluka mu 2002 ndipo inakonzedwanso mu 2008 ndi mu 2019. AES67, ya mu 2013, imatsamira pa ya 2008. Kabokosi ka GPS kamatumiza uthenga wotchedwa Sync n'kulemba nthawi imene watulukira. Khadi la netiweki la kompyuta yanu limalemba nthawi imene wafikira. Kenako kompyutayo imatumiza wake uthenga, Delay_Req, khadi limalemba nthawi yotulukira, kabokosi kamalemba yofikira n'kukubwezerani mu Delay_Resp. Pa nambala zinayi zimenezi ptp4l imawerengera kutalika kwa ulendo wa paketi ndiponso kusiyana kwa mawotchi awiriwo. Ikasowa imodzi, masamu onse aima.

Chidindo cha nthawi chimadindidwa pa khadi penipeni, paketi ili pa khomo lotulukira, pogwiritsa ntchito wotchi ya khadilo, imene Linux imaionetsa ngati /dev/ptp0. Koma ptp4l siikhudza khadi ndi manja ake. Driver, pulogalamu yoyendetsa khadilo, ndiyo imakatenga chidindocho n'kuchipereka. Ndiye ptp4l ikatumiza Delay_Req imaima, kudikira: millisecond imodzi pa linuxptp yakale, 10 pa yatsopano. Chidindo chikapanda kufika imalemba mzere mwatchulawo, imagwera mu FAULTY, ndipo ngati simunasinthe kanthu imakhala masekondi 16 isanayambirenso. Pa nthawi yonseyo wotchi ya khadi ikuyenda yokha popanda woiwongolera. Mawu a 48 kHz amadulidwa zidutswa 48,000 pa sekondi, kutanthauza kuti chidutswa chimodzi chimatenga ma microsecond 20.8. Wotchi yophonya ndi gawo limodzi lokha pa magawo miliyoni imataya ma microsecond 16 m'masekondi 16 amenewo, pafupifupi chidutswa chathunthu. Onjezanipo kuti pulogalamu yotumiza mawu ikaona kuti PTP yagwa nthawi zambiri imangotseka pakamwa, ndiye kudukaduka mukumvako.

Tsono chidindo chikhoza kusowa m'njira ziwiri, ndipo mankhwala ake si amodzi. Mwina chachedwa, mwina chatayika. Timeout ikhoza kukuuzani njira yake mukaigwiritsa ntchito ngati choyesera. Ikani 50, musiye tsiku lonse la ntchito. Mzere uja ukasiya kubwera, zidindo zimangochedwa: kompyuta yalemedwa, ndipo ntchito ya mkati mwa kernel (mtima wa Linux) imene imanyamula chidindo ikuima pa mzere kumbuyo kwa zina. Apo chepetsani katundu. Kompyuta ya pa mphepo isakhalenso yomwe atolankhani amadulira nkhani ndi kutsegulira Facebook. Koma mzerewo ukabwerabe pa 50, chidindocho chatayika, ndipo chotayika sichingafike ngakhale mudikire 1000. Mungoonjezera vuto, chifukwa ptp4l ikamadikira siichita china chilichonse, pomwe pa zipangizo za mawu Sync amatha kubwera ka 8 pa sekondi. Mudzakhala mwaigoneka sekondi yathunthu uthenga ukuunjikana pa khomo.

M'kalata yanu simunatchule khadi. Ichi ndi chinthu choyamba chimene ndimafunsa aliyense. Lembani ethtool -i ndi dzina la khadi, monga eth0 kapena enp2s0, ikuuzani dzina la driver ndi firmware. Lembani uname -r muone kernel, ptp4l -v muone linuxptp. Zisungeni m'kope. Kenako ethtool -T. Mukufuna kuona mizere yonena kuti khadi limadinda lokha potumiza ndi polandira, ndiponso nambala ya wotchi ya PTP. Pakalembedwa none, khadilo lilibe wotchi yotere. Makhadi ambiri otchipa ndi ma adapter a USB ali m'gulu limeneli.

Umboni weniweni uli mu ethtool -S. Madriver ambiri amawerenga okha zolephera zawo. Mwachitsanzo igb, imene imayendetsa khadi la Intel I210, khadi limene ambiri amalisankha pa ntchito ya PTP, ili ndi mizere iwiri yofunika kuidziwa: tx_hwtstamp_skipped ndi tx_hwtstamp_timeouts. Woyambawo umakwera paketi ikapempha chidindo china chisanatengedwe, chifukwa driver imeneyi imasunga pempho limodzi lokha pa nthawi imodzi. Wachiwiriwo umakwera driver ikadikira khadi mpaka kutopa. Lembani nambalazo m'mawa, lembaninso mawu akangoduka. Ngati skipped yakwera, pali wina pa kompyutapo amene akupikisana ndi ptp4l. Kawirikawiri amakhala chrony (pulogalamu ina yokonza nthawi) amene wina anamutsegulira hwtimestamp pa khadi lomwelo, kapena ptp4l yachiwiri imene inadzuka yokha pa boot inu n'kuyambitsanso ina pa manja. Ndakumana nazo zimenezi kambiri kuposa vuto lenileni la driver. Muli pomwepo onaninso kuti systemd-timesyncd kapena chrony sakukoka wotchi ya kompyuta pamene phc2sys ikuikokanso. Wotchi imodzi ikhale ndi woiwongolera mmodzi.

Ngati imene ikukwera ndi timeouts, yambani kukayikira zosunga magetsi. Pali Energy Efficient Ethernet, IEEE 802.3az ya mu 2010, imene imagoneka mzere wa netiweki pakakhala popanda katundu. Izimitseni ndi ethtool --set-eee eth0 eee off, ndipo ngati switch yanu ikulola, izimitseninso kumeneko. Pali ASPM, imene imagoneka njira ya pakati pa khadi ndi motherboard. Imazimitsidwa mu BIOS. Chonde sinthani chimodzi pa tsiku, n'kulemba. Ndikudziwa kuti bwana akakuimirirani kumbuyo mtima umafuna kusintha zisanu nthawi imodzi, koma zikatheka simudzadziwa chimene chathandiza, ndipo pa update yotsatira vutolo lidzabweranso muli chimanjamanja.

Tibwere ku 37000000000. Log imalemba offset mu ma nanosecond, choncho nambala imeneyo ndi masekondi 37 ndendende, ndipo si yangozi. PTP imayendera nthawi ya TAI, imene siionjezeredwa sekondi, pomwe wotchi ya kompyuta imayendera UTC, nthawi ya dziko lonse imene nthawi zina imaonjezeredwa sekondi. Kuchokera pa 1 January 2017, sekondi yoonjezera yomaliza itaikidwa usiku wa 31 December 2016, TAI ili patsogolo pa UTC ndi masekondi 37. Madriver ena, igb ili m'gulumo, akadzutsanso khadi amatenga nthawi ya kompyuta n'kuilemba mu wotchi ya khadi. Wotchi imene inali pa TAI imapezeka pa UTC mwadzidzidzi. Ndiye funso si lakuti wotchi yalumphiranji, koma lakuti n'chiyani chinadzutsanso khadi. Lembani dmesg -T, fufuzani mphindi imene jenereta inalira. Mukaona Link is Down kenako Link is Up, switch yanu inazima kaye, kutanthauza kuti siili pa inverter kapena UPS limodzi ndi kompyuta ndi kabokosi ka GPS. Zitatuzi zidye magetsi pa malo amodzi. Mukaona Reset adapter, kapena mzere wonena za Tx Unit Hang, driver inaona kuti khadi lakakamira n'kulidzutsa yokha. Mukaonanso 37 yemweyo kompyuta ikangoyaka, popanda reset iliyonse, onani ngati phc2sys ili ndi -w kapena -a kuti izitenga kusiyanaku kwa ptp4l.

Msampha wina ndiutchule mwachidule chifukwa umafanana ndi vuto la driver pomwe si driver. Mauthenga a PTP amapita pa multicast, 224.0.1.129, pa ma port 319 ndi 320. Switch ikakhala ndi IGMP snooping koma palibe querier (chipangizo chofunsa pafupipafupi kuti ndani akadali m'gulu lolandira mauthengawo), imaiwala kuti kompyuta yanu ili m'gulu pakatha masekondi pafupifupi 260. Mukaona kuti grandmaster, ndiye kabokosi ka GPS kaja, imasowa patangopita mphindi zinayi ndi pang'ono chiyambitsireni ptp4l, nthawi zonse mofanana, pitani ku switch.

Zonsezi zikalephera, m'pamene timaloza driver chala, ndipo timailoza ndi umboni. Usiku wailesi itatseka, yendetsani ptp4l ndi -S, kuti kernel izidinda m'malo mwa khadi. Kulondola kutsika mpaka ma microsecond makumi angapo, koma mzere wa timeout ukasowa, vuto lili pa njira ya khadi ndi driver yake. Kenako pa GRUB, mndandanda umene umaoneka kompyuta ikamayaka, sankhani kernel yakale imene idakalipo, kapena ikani yatsopano, zina zonse zili chimodzimodzi. Kernel imodzi ikamagwa ina osagwa, mwaligwira. Khalani pa yabwinoyo, itsekeni kuti update isaichotse, ndipo lembani lipoti kwa osamalira Linux imene mukugwiritsa ntchito: dzina la khadi lochokera mu lspci, ma kernel awiriwo, log ya ptp4l, dmesg, ndi nambala za ethtool -S. Musadziderere kuti lipoti lochokera ku Nsanje silingawerengedwe. Okonza madriver amafuna vuto limene angalibwereze pa tebulo lawo, ndipo kope lanu lija ndi limene liwapatse zimenezo. Pakadali pano, ngati kompyutayo ili ndi malo a PCIe, khadi lina la driver yosiyana likutulutsani m'mavuto msanga kuposa kudikira kuti akonze.

FUNSO: Ndimaphunzitsa zamagetsi ku Chikwawa. Ndi ophunzira anga talumikiza makompyuta awiri m'nyumba ziwiri kudzera pa switch wamba ndi fibre ya mamita 200. ptp4l ikuonetsa s2, kutanthauza kuti mawotchi agwirizana, offset siipitirira ma nanosecond 100. Koma titabwereka oscilloscope n'kufananiza ma pulse a sekondi iliyonse otuluka mbali ziwirizo, tikupeza kusiyana kwa ma microsecond atatu ndi pang'ono, ndipo sikusuntha. Kodi driver ikunama? (Mphunzitsi, Chikwawa)

YANKHO: Aphunzitsi, mwachita bwino kuyeza ndi chida china, chifukwa ptp4l siingathe kuona vuto limeneli ngakhale itafuna. Masamu a PTP amaganiza kuti ulendo wopita ndi wobwerera ndi wofanana. Amaphatikiza awiriwo n'kugawa pakati. Ganizani za wopalasa bwato pa Shire: kutsika ndi madzi ola limodzi, kukwera pobwerera maola atatu. Munthu wongouzidwa kuti ulendo wonse unatenga maola anayi anganene kuti bwatolo linafika kumunsi patatha maola awiri, waphonya ndi ola lathunthu, ndipo masamu ake alibe pomuonetsa kuti waphonya. Kuphonya kumakhala theka la kusiyana kwa maulendo awiriwo. ptp4l ikalemba offset 40 ikungonena kuti yagwirizana ndi masamu ake.

Kuphonya kwa ma microsecond atatu kukutanthauza kusiyana kwa asanu ndi imodzi kapena kupitirira pang'ono. Fibre siingatipatse zimenezo. Kuwala kumayenda mita imodzi mu fibre pa ma nanosecond pafupifupi 5, choncho ulusi wopita ukatalika kuposa wobwerera ndi mamita 10, kuphonya ndi ma nanosecond 25 okha. Kuti mufike pa nambala yanuyo ulusi umodzi ukanayenera kutalika ndi kupitirira kilomita.

Ine ndikukayikira liwiro la mizere ya netiweki. Lembani ethtool ndi dzina la khadi pa makompyuta onse awiri muone Speed. Ndikuyembekeza kuti imodzi ili pa 1000 ina pa 100. Switch wamba imalandira paketi yonse kaye isanayambe kuitumiza. Paketi ya Sync pa UDP ili ndi ma byte pafupifupi 90, ndiwo ma bit 720. Kulowa mu switch pa 1000 Mb/s kumatenga ma microsecond 0.72, kulowa pa 100 Mb/s kumatenga 7.2. Kusiyana ndi 6.5, theka lake 3.2. Fananizani ndi zimene oscilloscope yakuonetsani. Chogwetsa mzere pa 100 nthawi zambiri ndi kebulo: 1000 imafuna mawaya onse 8, pomwe 100 imayenda ndi 4 okha. Waya umodzi ukadyedwa ndi khoswe kudenga kapena ukapanda kulumidwa bwino pa RJ45, mzere umatsika mwakachetechete intaneti n'kumagwirabe. Media converter yakale ya 100 imachitanso zomwezo.

Driver ili ndi mbali yake pang'ono. Pakati pa malo odindira ndi waya pali kachedwedwe kamene kamasintha ndi liwiro la mzere, ndipo driver yabwino imakachotsera yokha. Imene siichotsera, kapena imene ili ndi nambala yolakwika, imasiya kuphonya kokhazikika. Ndiye mizere yonse ikafika pa 1000, yezaninso, kenako chotsani switch, lumikizani makompyuta awiriwo mwachindunji, yezaninso. Chotsalacho ndi cha makhadi, ndipo ptp4l ili ndi malo ochilembera: ingressLatency ndi egressLatency za khadi, delayAsymmetry ya njira. Muzilembamo nambala zimene mwayeza nokha, osati zokopera kwa wina amene khadi lake ndi lina. Onaninso kuti makebulo opita ku oscilloscope ndi ofanana kutalika. Ophunzira akafunsa kuti nanga akuluakulu amatani, auzeni za switch zokhala ndi transparent clock, zimene zimalemba m'paketimo nthawi imene yakhala mkati mwawo, ndi za boundary clock, zimene zimalandira nthawi mbali imodzi n'kuiperekanso mwatsopano mbali ina. Nsanja za mafoni zogwiritsa ntchito TDD, njira yotumiza ndi kulandira mosinthana, zimafunika kugwirizana ndi wotchi yaikulu mosapitirira ma microsecond 1.5, choncho atatu anuwo kumeneko ndi ochuluka kwambiri.

FUNSO: Ndine mlembi pa ofesi ya gulu la alimi a thonje ku Ngabu. Kompyuta yathu ikazimitsidwa Lachisanu, Lolemba imadzuka ili ndi chaka chakale, ndipo intaneti imakana kutsegula masamba ponena kuti si otetezeka. Tikakonza, masiku ena imabwerera m'mbuyo ndi maola awiri. Mwana wanga akuti ndi driver ya netiweki. (Mayi wa ku Ngabu)

YANKHO: Mayi, driver ilibe mlandu apa. Muli ndi mavuto awiri ndipo onse ndi otchipa.

Chaka chakalecho ndi kabatire. Pa motherboard pali kabatire kozungulira kathyathyathya, kolembedwa CR2032, ka 3 V, kamene kamayendetsa wotchi kompyuta ikazima. Katha. Masamba akukana kutseguka chifukwa chiphaso cha tsamba lililonse chili ndi tsiku loyambira ndi lothera, ndiye kompyuta yokhala m'chaka chakale imaona ngati chiphasocho sichinayambe kugwira ntchito. Kabatireka kamapezeka kwa okonza mawotchi ndi ogulitsa zamagetsi. Zulani pulagi, sinthani, mbali yolembedwa + ikhale pamwamba, kenako ikani tsiku mu BIOS.

Maola awiriwo ndi nkhani ina. Dziko lathu lili maola awiri patsogolo pa UTC chaka chonse. Funsani mwana wanuyo ngati anaika Linux pambali pa Windows pa kompyutayo. Linux imasunga UTC mu wotchi ya motherboard, Windows imawerenga wotchi yomweyo ngati nthawi ya kuno, choncho iye akachoka pa Linux inu n'kutsegula Windows mumapeza maola awiri asowa. Alembe timedatectl set-local-rtc 1 pa Linux, ziwirizi zimvana. Ngati Linux palibe, onani time zone: pa Windows sankhani ya Harare, Pretoria, ya UTC+02:00, n'kuyatsa kuti izikonza nthawi yokha.

Kabatire katsopano kakalowa, wotchi izitsalirabe pang'ono, ndipo ku Ngabu kuposa ku Dedza. Kamwala kamene kamagunda ka 32,768 pa sekondi kanapangidwa kuti kalondole pa madigiri 25. Mkati mwa bokosi mukafika madigiri 45, zimene sizivuta mu October ndi November pansi pa malata, kamataya sekondi imodzi ndi pang'ono pa tsiku. NTP, njira imene David Mills anailemba mu 1985, imakonza zimenezi nthawi iliyonse mukalumikiza intaneti, ngakhale ya pa foni, ndipo pa malisiti a thonje kulondola kwake n'kokwanira. Bokosilo lichotseni pansi pa fumbi, liikeni pa tebulo kutali ndi zenera la dzuwa la masana, ndipo wina aliuzire fumbi la pa fani musanalowe nyengo yogula thonje.